Tsiku limene ndinazimitsa magetsi kuti makina aone

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga kuchokera kuno ku Dubai. Chilimwe chathachi ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha makina amene anandizunguza mutu masiku asanu ndi anayi, ndipo ndikufuna mumve mmene Mulungu anandipulumutsira.

Ndimagwira ntchito pakalabu ina yowombera mfuti za mpweya pafupi ndi Al Twar. Mpikisano usanachitike, ndimayeza liwiro la chipolopolo cha mfuti iliyonse pamakina otchedwa kronogirafu. Makinawa ali ndi maso awiri oyang'ana kumwamba, lina kutsogolo, lina kumbuyo. Chipolopolo chikadutsa, maso aja amaona mthunzi wake, makina n'kuwerengera liwiro. Miyezi yozizira tinkayezera panja popanda vuto. Kutentha kutafika poti munthu sungaime pabwalo, bwana analamula kuti tilowe m'holo.

Chisokonezo chinayambira pomwepo. Mfuti imodzimodziyo, makina ankalemba mamita 170 pa sekondi, kenako 900, kenako 12. Nthawi zina ankalemba nambala popanda amene wawombera. Ndikawatulutsa panja ankagwira bwinobwino, ndikawabweza mkati misala inkayambiranso. Ndinasintha mabatire, ndinapukuta maso aja ndi kansalu, koma ayi ndithu.

Kwathu ku Ndirande vuto la magetsi timadziwa limodzi lokha, kuzima. Choncho ndinaganiza kuti kuwala kwachepa. Ndinakokera makinawo pansi penipeni pa machubu a magetsi a kudenga, n'kubwerekanso nyali ya chubu ya mu ofesi. Zinangoipiraipira.

Bwana anandiitana Lachisanu. "Habibi, mnzanga, mpikisano uli Loweruka la sabata yamawa. Makinawa akapanda kugwira pofika Lachinayi, khalas, zatha, ndipeza wina."

Amene muli kuno mukudziwa kuti ntchito ikatha, viza nayo yatha. Ndinaganiza za ana anga awiri amene ali pasukulu ku Blantyre. Lamlungu kutchalitchi ku Oud Metha ulaliki sindinaumve. Pemphero langa linali lalifupi ndi losokonekera: "Ambuye, sindikudziwa n'komwe choti ndipemphe. Ngati n'kuwala, ndiwonjezereni."

Lachitatu m'mawa ndinapempha kuti kubwere wa zamagetsi adzaike machubu ena. Kunabwera a Zulu, bambo a imvi ochokera ku Chipata, amene ndinali ndisanawaonepo. Anandipeza ndikudandaula ndekha m'Chichewa, ndipo anatula makwerero awo pansi n'kuyamba kuseka.

"Aneba, malaiti yonse aya muyafunira chani? Yalla, fulumirani, zimyani!"

"Ndizimitse, bambo? Nanga makinawa aona bwanji mumdima?"

A Zulu anatulutsa foni, n'kujambula chubu cha kudenga kanema woyenda pang'onopang'ono. Anandionetsa kanemayo. Chubu chimene ndinkachiona chikuwala mosalekeza chinali kuphethira. A Zulu anandifotokozera kuti machubu amtunduwu amaphethira ka 100 pa sekondi. Diso la munthu silizindikira, koma maso a makina amaona, ndipo kuphethira kulikonse amakuyesa mthunzi wa chipolopolo. Nyali imene ndinawonjezera ija inkangowonjezera bodza.

Kenako anafunsa za timadenga tiwiri toyera tapulasitiki timene timabwera ndi makinawo. Ine ndinali nditatisiya m'katoni poganiza kuti n'totchingira dzuwa panja basi. Anatiika pamwamba pa maso aja, n'kumangirirapo ndi tepi nyali ziwiri za batire za m'bokosi lawo la zipangizo. Anati nyali zimenezo siziphethira, ndipo pulasitiki woyerayo amamwaza kuwala kuti kukhale ngati thambo. Tinazimitsa machubu onse a mbali imeneyo.

Ndinawombera koyamba. Panalembedwa 172. Kachiwiri 171. Ndinawombera kakhumi, ndipo nambala sizinatalikirane. Bwana analowa akufunsa amene wadetsa holo yake, koma ataona nambalazo anangoti "shukran", zikomo ya Chiarabu, n'kutuluka. Loweruka ndinayeza mfuti zonse popanda kubwereza ngakhale imodzi.

Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake anatumidwa a Zulu, pamene, monga anandiuzira, tsiku limenelo ankayenera kukagwira ntchito kwina. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lolakwika n'kuliyankha molondola. Inu amene mwasokonezeka ndi ntchito, matenda kapena banja, musaleke kupemphera ngakhale mawu akusoweni. Iye akudziwa chimene chikuvuta, ngakhale inu simukuchiona.

Pa swichi ya machubu aja ndinamatapo pepala. Ndinalembapo m'Chingerezi kuti anzanga amve, ndipo m'munsi mwake ndinawonjezera m'Chichewa, podzikumbutsa ndekha: "Osayatsa." Ulemu ndi ulemerero zipite kwa Iye. Ameni.