Tomato Amene Anandisunga pa Chikamwini

Aulutsi, werengani mofatsa, ine ndine mkamwini wakalekale wa kumapiri a Ntchisi.

Zaka zija tinkayenda ndi khadi la chipani m'thumba, ndinaona Abambo a kuparishi akulima tomato m'nyumba ya magalasi, chisanu cha Juni chili pachimake. Mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndinasoka matumba a pulasitiki a feteleza, n'kumanga kanyumba kanga kuseri kwa khola, kotseka ngati botolo.

Tomato anakula, maluwa mbwee! Koma maluwawo ankangoyoyoka osabereka. Ndinkalowa, kutuluka, kulowanso, ngati nkhuku yofuna poikira. Apongozi anatuma mawu kudzera mwa mwana wawo: "Uwauze bambowo kuti pano sitidya maluwa. Mvula ikadzagwa zili chomwechi, njira ya kwawo akuidziwa."

Mayi a kunyumba anatopa nazo. M'mawa uliwonse popita kumadzi ankalowamo, n'kugwedeza mwaukali timitengo tomangirira tomato tija. "Bambo inu, anzanu ali kudimba, inu mukuweta masamba!"

Ine ndinati banja latha, tomato nayenso watha. Patapita masabata, taonani timatomato tili lendelende!

Ndinathamangira kwa Abambo aja. Anaseka mpaka kutsokomola. "Munatsekera kunja mphepo ndi njuchi. Duwa la tomato limafuna kugwedezeka kuti libereke. Anakugwedezerani ndani?"

Dengu loyamba linapita kwa apongozi. Za njira ya kwathu sanazitchulenso.

Anyamata amene mukumvera, mukamanga kanyumba kotere, siyani zenera. Apo ayi, kwatirani mkazi waukali. Wanga mpaka lero akundigwedeza, ndipo ndikadali pamudzi pomwepa.