Ndinati Mwana Wanga Anamudyetsa

Atamandike Yesu Khristu, abale ndi alongo. Ndakulonjerani nonse, amayi mbali ino ndi abambo anzanga kumbuyoko. Ambiri mukundidziwa. Ndine uja wa chigafa chachitali kumtunda kwa Chezi, uja sachedwa kukweza mawu pamsonkhano. Lero ndiyankhula pang'onopang'ono, chifukwa zimene ndikufuna kunena ndi zochititsa manyazi.

Ine mwana wamwamuna ndili naye mmodzi, Limbani. Enawo ndi aakazi, anakwatiwa. Limbani ndinamulera mmene anandilerera bambo anga. Akagwa, ndinkamuuza kuti adzuke, apukute m'maso msanga. Akayandikira kukhitchini, ndinkamukalipira. Koma mwanayo anatengera mtima wa mayi ake, mtima wofewa, ndipo ine sizinkandisangalatsa.

Atakula anakwatira Esinati, mtsikana wa ku Ntchisi. Tinamutenga chitengwa, anadzakhala pamudzi pathu. Mpongozi wanga ameneyu sanandilakwirepo. Ndikunena pamaso pa Mulungu, sanandilakwirepo ngakhale kamodzi.

Mukudziwa pamene pali mjigo wathu. Uli kumunsi, kudambo, ndipo pobwerera ndi chitunda chokhachokha. Esinati atakhala ndi pakati, Limbani anayamba kukatunga madzi yekha. Ankamanga zigubu ziwiri panjinga m'mamawa, n'kumakankha kukwera chitunda. Ankatsuka mbale. Tsiku lina ndinamuona akuchapa chitenje cha mkazi wake kuseri kwa bafa. Abale, ndinapsa mtima koopsa.

Anzanga a pabawo anayamba kundiseka. Ankati mwana wanu uja anamudyetsa, mchira wa buluzi unalowa m'ndiwo. Mukudziwa mmene timanenera kuno. Mwamuna akangomuchitira chifundo mkazi wake, timati anamudyetsa kondaine. Ine mawuwo anandilowa. Sindinaganize za mpongozi wanga. Sindinaganize za mwana amene anali m'mimba. Ndinaganiza za dzina langa pabawo.

Inali nyengo yosoka fodya, mvula ili pakati. Tinali m'chigafa ndi amuna angapo otithandiza. Limbani anafika mochedwa, buluku litanyowa ndi madzi a m'zigubu. Ndinamuyang'ana, n'kuyankhula mokweza kuti onse amve.

"Mwafika, mayi? Kodi anakudyetsa chiyani mkazi uja? Mawa tikugulire chitenje?"

Chigafa chonse chinaseka. Inenso ndinaseka, ndinaseka kuposa onse. Limbani anangokhala pansi n'kuyamba kusoka fodya.

Kuyambira tsiku limenelo zigubu zinakhala pakhonde. Esinati anatenganso ndowa ndi nkhata. Mimba inali ya miyezi isanu ndi itatu. Ndinkamuona akukwera chitunda chija, dzanja limodzi pandowa, lina m'chiuno, akuima kawiri katatu kuti apume. Ndinkamuona, abale. Musaganize kuti sindinkaona. Mumtima ndinkati tsopano banja lalongosoka.

Sipanathe masabata awiri. Tsiku lina mvula inagwa mbandakucha, njira inaterera. Esinati anagwa ndowa ili pamutu, anagwera chamimba pamwala. Amayi anzake anabwera akuthamanga kuchigafa. Tinamunyamula pangolo mpaka kumsewu, kenako pagalimoto mpaka kuchipatala. Madokotala anayesetsa. Iye anapulumuka. Mwanayo anabadwa atafa kale. Anali wamwamuna.

Khanda lotere, mukudziwa, amakaika ndi amayi okhaokha, popanda nyimbo, popanda kulira mokweza. Ife amuna tinatsala pakhomo ngati palibe chachitika. Ndinamupeza Limbani m'chigafa, atakhala pansi pa fodya yemwe uja. Ndinafuna kumuuza kuti alimbe mtima. Mawu ena ndinalibe, ndi okhawo amene ndinkawadziwa. Iye anadzutsa mutu. M'maso munali mouma, monga ndinamuphunzitsira.

"Ndinakumveranitu, bambo."

Basi. Sanatukwane, sanakweze mawu. Bola akanandimenya!

Esinati atatuluka m'chipatala, abale ake anamutengera kwawo ku Ntchisi. Limbani anamutsatira, anakakhala chikamwini. Nyumba yake anatseka, njinga anatenga, zigubu anasiya. Ndikamuimbira foni, inkangoitana. Chaka chinatha. Kutchalitchi kuno ndinkabwera, ndinkakhala pabenchi langa lomwe lija, koma kukalandira Ukaristia ndinaleka. Miyendo inkakana.

Amene anandidzutsa ndi mayi a kunyumba kwanga, a Nachisale, ndipo sanandilalikire ayi. M'mawa wina ndinawapeza pachitunda pomwe paja, atatula ndowa pansi, atagwira bondo. Nditawafunsa ngati akudwala, anandiyang'ana, n'kuyankha kuti:

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikukwera pano. Lero ndiye mwandiona?"

Ndinangosenza ndowayo. Kuika nkhata sindinkadziwa n'komwe. Theka la madzi linathera m'malaya, khosi linandiwawa masiku atatu. Amayi ochokera kumjigo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Koma nditafika pamwala uja ndi ndowa pamutu, ndinadziwa chimene ndinamusenzetsa mwana wa eni. Ndinalira. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kulira panjira dzuwa lili gee. Pomwepo ndinapempha Ambuye kuti andikhululukire, ndipo Loweruka lake ndinakalapa kwa ansembe.

Kenako ndinanyamuka ulendo wa ku Ntchisi. Mwambo wathu sulola munthu kuyandikana ndi mpongozi wake, koma ine ndinagwada pabwalo, pamaso pa Esinati, amayi ake ndi amalume ake. Ndinanena zonse, ndi mawu a m'chigafa omwe. Esinati anayankha atayang'ana pansi.

"Ine sindinawadyetse kanthu, bambo. Ankangondimvera chisoni."

Abale, mawu amenewa amandiwawa mpaka lero. Limbani tsiku limenelo sanatuluke m'nyumba. Ndinabwerera osamuona.

Mulungu ndi wachifundo, anawapatsa mwana wina, wamwamunanso. Mwezi wathawu ndinapitanso. Ndinamupeza Limbani pathandala akutsuka mbale, mwana ali kumsana. Atandiona anaima njo, mbale ili m'manja, kudikira kuti ndinena chiyani. Ndinaona kuti mwana wanga akuopa pakamwa panga. Ndinati, "Tandipatsa nanenso ndimubereke."

Anakayika kaye. Kenako anamasula chitenje, n'kumuika mwanayo kumsana kwanga. Kumanga sindinkadziwa, ndiye anandimangira yekha pachifuwa apa. Kanali koyamba kundikhudza chichitikireni ngozi ija.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Limbani sanabwerere kumudzi. Nyumba yake ikadali chitsekere, ine ndimangolambula pakhomo kuti udzu usamere. Foni amayankha tsopano, koma mawu ake ndi ochepa. Komabe ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza kuti Esinati ali moyo. Ndikuthokoza kuti mtima wofewa uja, umene ndinayesa kuuphwanya kuyambira ali wamng'ono, sunaphwanyike.

Abambo anzanga kumbuyoko, ndikuyankhula ndi inu. Ana athu aamuna amatimvera. Amatimvera ngakhale pamene tikungofuna kuseketsa anzathu. Mwana wanu akatenga chigubu kuti athandize mayi ake kapena mkazi wake, tsekani pakamwa, kapena tengani chinacho mumutsatire.

Zigubu zija ndikutungira ndine tsopano, m'mawa uliwonse, panjinga yanga. A Nachisale bondo lija layamba kupepuka. Anzanga a pabawo akuti nanenso anandidyetsa. Ndimawayankha kuti eya, anandidyetsa, koma anachedwa. Akanandidyetsa kale, bwenzi lero nditabwera muno ndi mdzukulu wa zaka zinayi.

Mundipempherere, abale ndi alongo. Mumupemphererenso Limbani. Zikomo.