Malaya Oyera a Loweruka

Ndili pa siteji ya Bangwe, ndikumukhudzakhudza mwana kumbuyoku kuopa kuti watenthanso thupi, mayi wina anaona bambo wachikulire atagwira pachipumi koma akumwetulira yekha.

"Mutu eti, bambo? Landirani bulufeni uyu, mumeze."

"Iii, amayi, mukufuna mundiphere ukwati? Ine ndimamwa wafarini, mankhwala oti magazi asamaundane. Akakumana ndi ameneyo ndimadontha ngati ndowa yobooka!"

"Kapiritsi kokha aka?"

"Mlamu wanga ankateronso. Sabata ya chinkhoswe cha mwana wanga Dorcas, ankandipatsa tsiku lililonse, ati ka msana. Ndangolowa m'bwalo kuti ndivine, magazi m'mphuno chuu! Zithunzi zonse ndili ndi thonje m'mphunomu."

"Ha ha! Pepani, ndisaseke."

"Sekani! Miyezi itatu akundiyeza magazi. Mwezi uno piritsi limodzi, winawo limodzi ndi theka, mayi a kunyumba akudula ndi lezala. Lero adokotala akuti nambala ya magazi yakhala bwino. Loweruka ndikamulowetsa ndekha Dorcas m'tchalitchi!"

"Alululu! Nanga mutuwo?"

"Andiona, akuti ndi dzuwa chabe. Mutuwo uwawe, amayi. Malaya a Loweruka ndi oyera."