Siginecha ya Bambo Anga

Olemekezeka Mlembi wa zisankho m'boma lathu lino la Pinyon Creek, Mayi Roxanne Maestas. Olemekezeka akomishonala, motsogozedwa ndi Bambo Dwayne Schaffert. A Jaji Loretta Baca. Apampando a zipani zonse ziwiri, amene lero mwakhala pa benchi limodzi osagundana zigongono, ndakuonani. Inu nonse amene mwadzipereka kugwira ntchito ya chisankho chaka chino. Amayi ndi abambo, ndakulonjerani.

Ndine Marlys Weigandt, ndipo ndikuthokoza pondikumbukira ine nkhalamba imene inawerenga mavoti zaka makumi atatu m'chipinda chapansi pa khoti. Ndikuthokozanso amisiri ndi okhoma msonkho, chifukwa nyumba yowerengeramo mavoti mwamangayi ili ndi mawindo aakulu, kuti wokayika aliyense abwere adzaone yekha.

Kwatsala masabata atatu kuti tisankhe bwanamkubwa wa Colorado, aphungu athu a ku Kongiresi, ndi ena onse mpaka kunsi kwa pepala. Maenvelopu a mavoti, amene anthu amasaina n'kutumiza pa positi, ayamba kale kufika, ndipo inu mudzakhala awiriawiri, wachipani ichi ndi wachipani icho, kufananitsa siginecha ya pa envelopu ndi ya m'kaundula. Ndiloleni ndikuuzeni za envelopu imodzi.

Chaka china ndinkagwira ntchitoyi ndi Bambo Eloy Archuleta, awo avala chipewa kumbuyoko. Inafika envelopu yolembedwa Orval Weigandt. Bambo anga. Miyezi inayi m'mbuyomo matenda ofa ziwalo anali atawapha dzanja lamanja, ndiye anasaina ndi lamanzere. Zolembazo zinali ngati nkhuku yapalasa.

A Eloy anandinong'oneza kuti, "Marlys, ndi madala akowa. Ukanena kuti ndi iwo, ine ndivomera."

Ndinati, "Akanakhala bambo a munthu wina, tikanatani?"

"Tikanaika pambali."

Tinaika pambali, kalata n'kupita kufamu: siginecha yanu sikugwirizana, muli ndi masiku asanu ndi atatu chisankho chikatha kuti mutsimikize kuti ndinu, apo ayi voti yanu siwerengedwa.

Tsono mudziwe kuti ine ndi bambo sitinavoterepo chipani chimodzi. Ndinawapeza pakhonde akuyang'ana ng'ombe zawo, kalata ili pa bondo.

"Ndiwe wachita zimenezi?"

"Ndine, bambo. Tiyeni ndikutengeni tikakonze."

"Dzina limeneli ndinakupatsa ndine, lero ukulikana? Kapena wadziwa amene ndamuvotera?"

Mawu amenewo anandipweteka, ndipo mpaka lero akundipwetekabe. Masiku asanu ndi awiri anadutsa osandiyankha foni. Ndinkadziwa kuti mwina iyi ndi voti yawo yomaliza, ndiponso kuti ikatayika, wotaya ndine.

Tsiku lomaliza, masana, chitseko cha chipinda chathu chapansi chija chinatseguka. Anali bambo, atavala jekete la kutchalitchi, atatsamira paphewa pa a Eloy, amene anali atandinamiza kuti akupita kukagula khofi. Ulendo wa khofiwo unali wa mamailosi makumi anayi.

Bambo anaponya chiphaso chawo patebulo. A Eloy anagwira pepala kuti lisaterereke, iwo n'kuyamba kulemba ndi lamanzere lija, chilembo chimodzichimodzi, thukuta lili pamphumi. Atamaliza anandikankhira pepalalo.

"Yang'anitsitsani, mayi a boma. Ndine, kapena si ine?"

"Ndinu, bambo."

"Ndiye werengani. Ndipo usaganize kuti ndasintha maganizo."

Voti inawerengedwa. Munthu wawo anapita ku Kongiresi, ine n'kumupirira zaka zisanu ndi chimodzi. Sekani, sekani. Bambo anamwalira nyengo yozizira yomweyo isanathe, ndipo m'thumba la jekete lija tinapezamo kapepala kodzaza mbali zonse ndi dzina lawo. Masiku amene sankandiyankha foniwo, ankaphunzira kusaina.

Inu amene muyambe ntchito mawa, envelopu ya mnansi wanu idzafika, ya mbusa wanu idzafika, ya munthu amene simulankhulana naye idzafikanso. Muziyese ndi muyeso umodzi, ndipo imene mwaika pambali musaiiwale: imbani foni, lembani kalata, mwini wake adziwe nthawi isanathe.

Ndi mawu amenewa, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nyumba yowerengeramo mavoti ya Pinyon Creek tsopano ndi yotsegula. A Eloy, bwerani mugwire riboni mbali inayo, sindiidula ndekha.

Zikomo kwambiri, nonsenu.