Khadi lomwe tinalipeza kwa osula mbaula

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine sindine wolankhula pagulu, koma ntchito yanga inatsala pang'ono kutha, ndipo mmene inapulumukira sindingabise.

Sukulu ndinaphunzira kumudzi ku Nsanje. Pano ndimagwira ntchito pa kampani yaing'ono ku Limbe, komwe timayesa zipangizo za sola zisanagulitsidwe. Ine ndimayendetsa bokosi lachitsulo lodzaza ndi makhadi a marileyi, tizipangizo tolumikiza ndi kudula magetsi. Pali khadi limodzi lomwe limalandira malamulo a kompyuta n'kuuza rileyi iliyonse nthawi yotseka ndi yotsegula.

Tsiku lina magetsi atabwera mwamphamvu, khadi lolamuliralo linapsa. Abwana athu, a Chimwala, atafufuza anamva kuti mtundu umenewo anasiya kupanga. Anandiuza mosabisa kuti popanda bokosilo ine ndilibe chochita, choncho mwezi ukatha ndidzipita. Ndinangoti zikomo, poti kwathu wamkulu sayankhidwa. Koma m'minibasi yopita ku Manja misozi inandigwa anthu akuona. Ndinapempha Ambuye kuti asandibweze kwa amayi chimanjamanja.

Yankho linadzera mwa a Saidi, dalaivala wa kampani yathu, amene ndi Msilamu. Anaona kuti masana sindikudya. Nditawafotokozera, anati anaonapo mabokosi ngati lathu kwa osula mbaula ku Ndirande, omwe amagula zitsulo zakale, ndipo a Saidiwo anapita nane kumeneko pa nthawi yopuma.

Tinapeza bokosi lina atalidula kale, makhadi ake ataunjikidwa pambali kuti awotchedwe achotsemo kopa. Khadi lofanana ndi lathu ndinaliona pamuluwo, koma ndinachita manyazi kulipempha. A Saidi anandigwedeza paphewa.

"Iwe Msena, ukhala chete mpaka aliwotche? Amisiri, tampatsani mwana wangayu chinthucho."

Anatipatsa uku akutiseka kuti tayendera zinyalala.

Titabwerera kuntchito, a Chimwala anakana kuti ndiliike m'bokosi lathu, poopa kuti khadi lakale lingawononge enawo. Ndinawapempha kuti ndichotse makhadi onse a marileyi, nditsale ndi limodzi loyesera. Pamenepo anavomera. Khadi la ku Ndirande lija ndinalipukuta fumbi, ndinawongola timapini tomwe tinapindika, n'kulilowetsa pang'onopang'ono. Nditalamula pa kompyuta, rileyi yoyamba inalira kuti tche, yachiwiri nayonso, mpaka mzere wonse. Ndinabwezera makhadi ena aja, onse anamvera.

Ntchito ndikadali nayo, ndipo ndimanyadira kuti bokosilo linadzuka m'manja mwanga, ine wa sukulu ya kumudzi. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso a Saidi. Inu amene mwauzidwa kuti mwezi ukatha mudzipita, musasiye kupemphera, ndipo wina akakufunsani chomwe chikukusowetsani mtendere, muuzeni.