Zidzolo za M'khwapa ndi Apongozi Kuseri kwa Mpanda

Mawu akuti roloni, mankhwala onunkhira a m'kabotolo ka kampira opaka m'khwapa, ndinayamba kuwamva chaka chija nyanja ya Chilwa itangodzazanso pambuyo pa kuphwa, ndipo anandiuza anali kondakitala wa basi ku Limbe, munthu wonunkhira ngati sitolo ya m'tauni. Inu a masiku ano mumangopopera fuu! fuu! ngati mukupha udzudzu, koma nthawi imeneyo m'mudzi mwathu muno kwa Mwambo kabotoloko ndinali nako ndekha, ine amene ndinali nditathyola tiyi ku Mulanje, kusoka fodya ku Kasungu, n'kudziphunzitsa kuwerenga pa nyuzipepala zokulungira nsomba.

Ndinakagula chifukwa cha Esinati, mayi a kunyumba kwangawa. Akwawo anali atandilola, ukwati utatsala milungu itatu, koma ntchito yanga inali yonyamula matemba panjinga kuchoka kudoko kupita ku Zomba, ndiye fungo la nsomba linali litandilowa mpaka m'mafupa. Ndinameta m'khwapa ndi lezala wobuntha popanda sopo, pomwepo n'kupaka roloni, n'kuvala shati ya nayiloni, n'kupalasa njinga dzuwa lili paliwombo. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pofika tsiku lachitatu m'khwapa munali zidzolo zokhazokha, kuyabwa kwake ngati ndagwera m'chitedze, ndipo ine, poganiza kuti mankhwala achepa, ndinkawonjezera kupaka.

Iwe Fanuel mdzukulu wanga, usaseke, zaka zimenezo sizinali zoseketsa. Tinkaika anyamata m'manda pafupipafupi, ndipo munthu akangotuluka zilonda cha kunthiti anthu ankanong'ona kuti ndi mashingozi, ali nako kachilombo. Wina anandiona ndikusamba kudoko, ndipo nkhani inafika kwa malume ake a Esinati ine ndisanavale n'komwe shati. Anatumiza mawu kuti ukwati uyambe waima.

Ndinapita komweko. Mwambo mukuudziwa, mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ndinakhala pamphasa ndi malumewo, mikono nditaitalikitsa ngati nkhuku yomva kutentha, ndikuluma mano kuti ndisakande. Kuseri kwa mpanda wa bango apongozi ankapeta mpunga. Kenaka lichero linasiya kulira.

"Achimwene," anatero apongozi, akulankhula ndi mlongo wawo ngati ine palibe, "afunseni alendowo, chikundiyetsemulitsa mpaka kuno n'chiyani?"

"Akuti chikununkhirachi n'chiyani?" anatero malume, ngati ndine gonthi.

"Auzeni kuti ndi roloni. Wa ku Limbe."

"Wa ku Limbe eti!" anatero apongozi. "Afunseni, zilondazo zinayamba asanagule kapena atagula? Zili thupi lonse kapena mokhamo mmene amapaka?"

Ine woyenda maiko, wowerenga Chingerezi cha pabotolo, funso limenelo linali lisanandifike m'mutu. Ndinavula shati pamaso pa malume n'kukweza manja onse awiri. Msana wosalala, nthiti zosalala, zidzolo m'khwapa monse muwiri, ndendende mmene kampira ka botolo kankadutsa. Malume anafotokozera kumpandako zonse zimene anaona.

"Auzeni asiye botololo pompano," anatero apongozi. "Azisamba madzi a pamjigo, osati amchere a m'nyanjawo, sopo wake wosanunkhira, ndipo aziumitsa bwino. Lezala ayambe wapuma. Nayiloniyo tikaopsezere mbalame kumunda wa mpunga. Mawa apite kuchipatala, adokotala akaone okha, kuti pakamwa pa anthu patsekeke. Muwauzenso kuti bambo ake a Esinati ananunkha matemba mpaka kumanda, ndipo ine sindinawathawe."

Kuchipatala adokotala ananena zomwezo, kuti khungu langa silikugwirizana ndi mankhwala a m'botolomo, n'kundipatsa mafuta opaka. Pasanathe milungu iwiri m'khwapa munali ngati mwa khanda, ndipo paukwati ndinavina manja ali m'mwamba, dala, kuti onong'ona aja akhute kuona. Amene anaima pafupi anamva matemba, ndipo sindinachite nawo manyazi, chifukwa fungo limenelo ndi limene linamanga nyumba ya malata mukuionayi.

Sindikunena kuti mutaye mabotolo anuwo, adzukulu. Koma chikayamba kukuyabwani siyani msanga, musapake pometa kumene, ndipo zikapitirira musabise, pitani kuchipatala. Mawu a akulu akoma akagonera, ngakhale atadzera pampanda.

Botololo likadalipo. Apongozi anachotsa kampira kaja, amasungiramo singano. Fanuel, ndikankhire njinga yangayo, ndiwapititsire matemba asanatseke chitseko. Ndikawasiyira pampanda monga mwa masiku onse. Zaka zonsezi nkhope yawo sindinaiyang'anepo bwinobwino, koma m'khwapa mwangamu anamudziwa kuposa mwiniwakene. Tsalani bwino.