Ng'ombe Zodikira Lolemba

Patatha miyezi iwiri America itatseka malire kuti ng'ombe zisalowe, Eusebio Baeza anaima pamzere wogula udzu wa ziweto ku Ojinaga, tauni ya tsidya lino la malirewo, n'kuyamba kuputa mkulu wina wosamudziwa.

"Akulu, ana a ng'ombe anu munawawotcha kale chidindo chopitira kunja?"

"Onse makumi anayi. Paja ankati atsegula Lolemba."

"Lolemba lake liti?"

"Sekani, koma pamtengo wakunowu sindigulitsa ine. Nanga inu?"

"Ine zodikira ayi," anatero Eusebio modzitama. "Sabata iliyonse ndimagulitsa imodzi, n'kugulira udzu zotsalazo."

Mkuluyo anakankhira chipewa kunkhongo, n'kumuyang'ana bwinobwino.

"Ndiye kwanuko ng'ombe zayamba kudyana zokhazokha? Ikadzatsala imodzi mudzandiitane, achimwene, ndidzaone kunenepa kwake."